Tsiku Limene Sanandidikire

Mphatso ndi Takondwa, ana anga, tsiku lina tili patebulo munandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira mpingo umene unayambira pabalaza pathu pomwe. Munafunsa m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, ine ndinayankha m'Chichewa, ndipo ndikukayika ngati tinamvana. Tsopano ndapuma pantchito, mawondo sandilolanso kuyendayenda, choncho ndikuyankheni bwinobwino. Koma kuti mumvetse za ku Leicester, ndiyenera kuyambira ku Dowa.

1984 mpaka 1992: Ku Dowa ndi ku Kasungu

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulaliki. Nditamaliza maphunziro, mpingo unanditumiza kudera lina kumadzulo kwa Dowa kumene Akhristu ochepa ankapempherera m'chigafa cha fodya. Nyengo yothyola fodya ikafika, mwini chigafa ankatitulutsa, n'kumapemphera padzuwa. Mabuku a nyimbo analipo awiri, lina lopanda chikuto. Njinga imene anandipatsa inalibe chubu kumbuyo, moti ndinkapakira udzu m'tayala, ndipo ndikafika kumene ndikupita ndinkayamba ndapempherera msana wanga ndisanapempherere anthu. Bwana wanga anali Abusa Malunga, bambo wamfupi, wa mawu ochepa, amene ankayang'anira alaliki tonse a chigawo chimenecho.

Tinaumba njerwa, tinaotcha, amayi a mumpingo anatunga madzi mpaka makosi kuuma. Chaka chachitatu tinakhoma malata. Ndinkalakalaka tsiku limene ndidzalalikire m'tchalitchi chimenecho mvula ikugwa padenga, ine ndi anthu anga tili ouma. Mvula isanayambe n'komwe, Abusa Malunga anatulukira panjinga yawo. Anazungulira nyumbayo, anagogoda khoma ndi chala, n'kunena kuti, "Mwamanga bwino, a Mbewe. Mwezi wamawa mupite ku Kasungu, chakumalire."

"Abusa, denga ndangomaliza kumene," ndinatero.

"Inu mukadwala, mapemphero amatsogolera ndani pano?"

"A Jere."

"Amatha?"

"Amatha ndithu."

"Ndiye mukufuna kutsalira chiyani?"

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinauza amayi anu, Nankhoma, amene panthawiyo tinali titangokwatirana, kuti mkuluyu ali ndi nkhanza. Ku Kasungu anandichitanso zomwezo: anthu atangozolowera nkhope yanga, anandisamutsa. Tsiku lina tikukankha njinga pachitunda ndinalephera kupirira, ndinawafunsa ngati ndinawalakwira. Anaima, anapukuta thukuta, ndipo analankhula mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo kwa iwo chaka chonse. Anati atumwi a mpingo woyamba ankafika mumzinda, n'kumagwira ntchito ndi manja awo kuti adye, n'kuphunzitsa anthu, n'kusankha akulu pakati pa anthu omwewo, n'kulira nawo potsanzikana, kenako n'kumapita. "Kawerengeninso bwino," anatero. "Anthu amenewo mumawapeza pamsewu, kapena m'ngalawa, kapena m'ndende. Munawapezapo atakhala kutsogolo akudikira kuti wina awabweretsere madzi akumwa?" Ndinavomera ndi pakamwa pokha, chifukwa mtima wanga unali udakali padenga la ku Dowa.

2003 mpaka 2015: Ku Beaumont Leys ndi ku Evington

Amayi anu, pokhala nesi, ndi amene anatsogola kubwera kuno ku Leicester, ife n'kutsatira pambuyo. Mapepala anga a ulaliki sanachititse chidwi aliyense. Ndinapeza ntchito ku kea homu, yosamalira okalamba: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa. Sabata yoyamba ndinachita manyazi kuti ine, munthu amene anthu ankandigwadira popereka moni, ndikusintha zofunda zonyowa za mzungu wosadziwa ndi dzina langa lomwe. Manyaziwo sanakhalitse. Ndinakumbukira kuti Paulo ankasoka mahema, ndipo ntchitoyo ndinafika poikonda. Manijala wathu anali mayi wokalipa, koma wachilungamo. Lamulo lake linali limodzi ndipo sankalisintha: suchoka pashifiti wokulandira asanafike, ngakhale kwanu nyumba ikupsa.

Mapemphero tinayambira pabalaza ku Beaumont Leys, mabanja atatu okha. Inu mukukumbukira kuti tinkakuthamangitsani pasofa. Anthu atachuluka, mnansi wathu anayamba kugogoda khoma tikangokweza nyimbo, ndipo sindimuda, chifukwa Amalawi tikaimba sitidziwa kuti khoma la kuno ndi lopyapyala. Tinapeza holo ku Evington, dera lina la mumzinda womwewu, yoti tizibwereka Lamulungu masana, ndipo patapita zaka nafenso tinasamukira komweko. Ambiri mumpingomo anali manesi ndi osamalira okalamba ngati ine, ena ana asukulu a kuyunivesite. Ankafika maso ali psuu chifukwa cha tulo, ena yunifolomu ili m'kati mwa jekete.

Anayamba kunditchula Abusa, ngakhale palibe amene anandidzoza. Ndinkatsegula mapemphero, kulalikira, kutseka. Mlendo akatsika ndege, wokamutenga ndine. Banja likayambana, foni imalira ya ine. Maliro akagwa, woyendetsa mwambo ndine. Ndisaname, zinkandikoma. Munthu amene wakhala sabata yonse akuitanidwa ndi belu la m'chipinda cha wodwala amasangalala Lamulungu akamva wina akuti, "Bambo athu afika." Ndipo kwa zaka zonsezo, rota ya mashifiti akuntchito inkandikomera mtima, sindinaphonyepo mapemphero.

2016: Lamulungu la makolasi

Tsiku lina Lamulungu ndinali pashifiti ya m'mawa, ndipo munthu wa ku ejensi yotumiza antchito aganyu amene ankayenera kundilandira sanabwere. Okalamba sungawasiye okha. Amayi anu nawonso anali kuchipatala tsikulo. Ndinaimbira a Kachingwe, mkulu wa mpingo, bambo wa suti zokongola amene ankagwira ntchito ya makompyuta. Ndinati, "Ndatsekeredwa kuno. Yambani, musandidikire." Anati, "Chabwino, Bambo."

Pamene wondilandira anapezeka, nthawi yathu ya holo inali itatsala pang'ono kutha. Ndinatsika basi n'kuthamanga, ndipo ndili panja ndinamva kuimba. Ndinalowa. Anthu anali chiimire, mawu atasasa, akubwereza kolasi imene ndikukhulupirira kuti anali ataiimba kale kangapo. Ana ankathamangitsana pakati pa mipando. Keyateka, woyang'anira holoyo, anali pakhomo akugwedeza makiyi. Panalibe amene anapemphera pemphero lotsegulira, panalibe amene anawerenga mawu. Atandiona anaomba m'manja ngati ndagoletsa chigoli.

"Bwanji simunayambe?" ndinafunsa a Kachingwe.

"Aaa, Bambo, tikanayamba bwanji eni ake kulibe? Ife ndi ana. Tinangoti tizikipa anthu bize ndi makolasi."

Ndinangopereka dalitso lomaliza, tinapinda mipando, anthu n'kumabalalika. Ena anali atasinthanitsa shifiti kuti apezeke pamenepo, ndipo anabwerera osamva liwu limodzi la Mulungu. Poimika magalimoto ndinakumana ndi Mayi Zimba, nesi wa kuwodi ya ana, mayi wofatsa amene ankakonda kukhala mzere wakumbuyo. Chala chawo chinali chidakali pakati pa masamba a Baibulo. Ndinawafunsa ngati anali ndi mawu. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Analipo, Bambo, koma ndine ndani ine kuti ndiimirire pamalo panu?" Ulemu umenewo tinaubweretsa kuchokera kwathu, ndipo ndi wabwino, koma tsiku limenelo unandiopsa. Ndinaona kuti ine nditagwa mawa, mpingo umenewu udzaimba makolasi mpaka keyateka kuzimitsa magetsi, basi n'kutha.

2017: Mpando

Chaka chotsatira a Kachingwe anakachezera mpingo wina ku Birmingham ndipo anabwerako mutu utazungulira. Sindinadziwe kuti akukonza chiyani mpaka Loweruka lina pamene anabwera kunyumba ndi anzawo a komiti. Atamwa tiyi, anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha mpando. Unali wautali kumsana, wa nsalu yofiira, mikono yake yopakidwa utoto wagolide. Anati agula kale ndipo uli m'galaja mwawo.

"Bambo, ife tadisikasa," anatero a Kachingwe. "Mpingo uno munauyamba ndinu. Anzathu konseku ali ndi Atumwi. Ifeyo tikamapanga fulaya timasowa taito yolemba. Ndiye tagwirizana kuti pa anivesale tikudzozeni, mukhale Mtumwi Mbewe. Tibuka holo yaikulu, mpandowu muzikhalira kutsogolo."

Ndinawathokoza chifukwa ndinadziwa kuti akuchita mwachikondi, ndipo ndinapempha kuti andipatse nthawi. Atangotuluka, amayi anu anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndiye a Mtumwi," anatero, "bini ya zinyalala azitulutsa ndani Lachiwiri?" Ndinaseka nawo, koma mumtima mpandowo ndinaufuna ndithu. Ndinali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, msana ukuwawa chifukwa chonyamula anthu, ndipo panalibe amene anandigulirapo mpando chibadwire.

Nthawi yomweyo kunali Amalawi ochepa ku Hyson Green, ku Nottingham, amene ankakhala m'zipinda za lendi ndipo analibe kopempherera m'chinenero chathu. Anali atandipempha kangapo kuti ndikawathandize, ine n'kumangoti ndidzabwera. Sabata imeneyo ndinawerenganso za mpingo wa ku Antiokeya. Unali ndi aphunzitsi ake, koma sunawamangirire. Unasala kudya, unasanjika manja pa Barnaba ndi Paulo, anthu amene unkawadalira kwambiri, n'kuwalola kupita. Ndinamva ngati Abusa Malunga, amene anali atamwalira kalekale, aimanso pachitunda paja akupukuta thukuta.

Lamulungu ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse. Ndinati ine si mtumwi ndipo sindidzakhala mtumwi, chifukwa atumwi anali anthu amene anaona Ambuye ataukitsidwa ndipo anawatuma ndi Ambuye mwini. Koma kagwiridwe kawo ka ntchito tingakatsatire. "Ngati mukufuna kundilemekeza," ndinatero, "musandikhazike pampando. Mundisanjike manja, munditumize ku Nottingham. Kuno atsogolere a Kachingwe ndi Mayi Zimba."

Mayi wina kumbuyo anayamba kulira. A Kachingwe anaimirira, nkhope itagwa.

"Bambo, takulakwirani chiyani? Ife tikukukwezani, inu mukutitaya ngati ana amasiye?"

"Simunandilakwire, a Kachingwe. Koma tsiku lija la makolasi mukulikumbukira? Nditagwa ndi sitiroko mawa, mudzadikira ndani?"

Mayi Zimba anagwira pakamwa. Tinakambirana milungu ingapo, ena akukwiya, ena akundichonderera. Pomaliza anavomera, ngakhale monyinyirika. Tsiku lotituma, ine ndi amayi anu tinagwada pasimenti yozizira, anthu n'kutizungulira. Manja amene anandigwira pamutu ndi m'mapewa ankanunkhira mankhwala osambira m'manja a kuchipatala. Ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati kunali kulira kwa chimwemwe kapena kwa mantha.

2018: Ku Hyson Green

Nyumba sitinasamuke ndipo ntchito ya kukea homu sindinasiye. Lamulungu lililonse tinkakwera sitima kupita ku Nottingham, kenako tiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni. Tinkapempherera m'kachipinda ka pamwamba pa shopu yogulitsa zakudya za kwathu, moti fungo la nsomba zouma linkapemphera nafe. Kunalibe kiyibodi, kunalibe maikolofoni, mipando ina inali makatoni a mafuta ophikira. Belu la tiramu linkalira pakati pa ulaliki. Masiku ena tinkapezeka anthu asanu, chifukwa ena onse ali pashifiti. Zinandikumbutsa chigafa cha ku Dowa, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikusangalala. Kumeneko sindinabwerezenso zija. Kuyambira Lamulungu loyamba ndinati wina atsegule, wina awerenge, ndipo mwezi usanathe ndinakhala pansi n'kumvera a Tembo, dalaivala wa vani, akulalikira.

Koma za ku Evington sizinali bwino. A Kachingwe anakana kutsogolera limodzi ndi mayi, ndipo patapita miyezi anachoka ndi mabanja angapo kupita kumpingo umene uli ndi Mtumwi wake. Ena anangosiya kubwera. Ndikakumana ndi anthu athu kumsika m'tauni, ena ankayang'ana kumbali ngati akusankha tomato. Loweruka lina masana foni inalira. Anali Mayi Zimba.

"Bambo, anthu akutha," anatero. "Ine ndatopa. Ndikamalalikira ena amangoyang'ana pafoni. Bwerani mawa, ngakhale kamodzi kokha, anthu akuoneni. Apo ayi tingokansela holo."

Ndinawauza kuti ndiwaimbiranso. Mantha anandigwira. Ndinkaopa kuti ndapha ndi manja anga mpingo umene ndinaulera zaka zonsezo, chifukwa chotsatira mawu a nkhalamba imene inali m'manda ku Malawi. Ndinayamba kale kuganiza za mawu oti ndikalalikire. Amayi anu, amene anamva zonse ali kukhitchini, anabwera n'kuima pakhomo. "Bambo a Mphatso," anatero, "mukapita mawa adzadzaza holo, inde. Kenako adzakudikiraninso zaka khumi. Mayi uja mukhala mwamudula miyendo."

Ndinatenga foni n'kuimba. Ndinauza Mayi Zimba kuti Lamulungu sindibwera, koma Lachinayi lililonse azibwera kunyumba, tiziwerenga limodzi ndi kupemphera. Ndinati atumwi aja nawonso ankachoka mitima ili m'mwamba, n'kumalimbikitsa akulu amene anawasiya, koma sankabwerera kudzawalanda ntchito. Anangoti, "Ndamva, Bambo," ndipo ndinadziwa kuti akhumudwa. Koma Lachinayi anabwera, atavala yunifolomu, ndipo sanaphonyepo. Za kuchuluka kwa anthu ndinasiya kuwafunsa, iwonso anasiya kundiuza.

2019: Kubwerera

Chaka chimenechi ndinapuma pantchito. Manijala wokalipa uja anandikumbatira, zimene sindinayembekezere, ndipo okalamba amene ankandikumbukira anandiimbira nyimbo. Ku Hyson Green a Tembo anali atazolowera, moti ndinaona kuti nditha kujomba Lamulungu limodzi. Ndinauza Mayi Zimba kuti ndidzabwera kudzacheza, ndipo alengeze kumpingo. Ndinafuna kuti aliyense adziwe kuti ndikubwera.

Tsikulo kunali mvula. Tinafika nthawi yabwino, koma ndinauza amayi anu kuti aimike galimoto pakona, tisatsike. Ndinachedwa dala. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ndipo panalibe njira ina yochidziwira. Amayi anu anapukusa mutu. "Munthu wamkulu kubisala m'galimoto ngati wakuba," anatero. Koma nawonso ndinawaona akuyang'anayang'ana kukhomo la holo. Ndinkadziuza kuti ndikangomva makolasi obwerezabwereza aja, ndiye kuti zaka ziwirizi zapita pachabe.

Tinatsika, tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo. Titafika pakhomo ndinatchera khutu. Kunalibe kuimba. Kunkamveka mawu a munthu mmodzi, mayi, akulankhula mosathamanga, ndipo apa ndi apo anthu ankavomera. Ndinakankha chitseko. Mayi wina wachitsikana wa ku Zambia, amene sindinamuonepo, anatitchingira njira chala chili pamlomo. "Ba tate, bwelani kuno," ananong'ona. "Nkalani apa kumbuyo, mau ayamba kudala." Anatikhazika pafupi ndi hita, pamzere womwe uja Mayi Zimba ankakhala kale.

Holo sinadzaze ngati kale, ndinene zoona. A Kachingwe kunalibe, ndipo mpaka lero timangokumana pamaliro n'kupatsana moni mwaulemu. Koma nkhope zambiri zinali zachilendo kwa ine, ndipo palibe amene anali pafoni. Mpando wofiira uja, umene unatuluka m'galaja n'kutsalira mpingo, ndinauona. Unali chakumbali, ndipo pamenepo panakhala mayi wina wokalamba amene anabwera kuchokera ku Malawi kudzaona ana, ndodo yake itatsamira mkono wagolide, mdzukulu atagona pamiyendo. Kutsogolo, Mayi Zimba anationa tikulowa. Sanaime, sanasinthe mawu, anapitiriza mpaka kumaliza.

Itafika nthawi ya zolengeza, anachita monga timachitira nthawi zonse. "Ngati pali alendo pakati pathu," anatero, "aimirire, atiuze dzina ndi kumene achokera." Ankayang'ana ine, ndipo m'mbali mwa milomo yawo munali kaseko. Amayi anu anandigunda ndi chigongono. Ndinagwira mpando wakutsogolo n'kudzuka.

"Ndine Mbewe," ndinatero. "Ndachokera ku Hyson Green."

"Takulandirani, Bambo Mbewe," anayankha Mayi Zimba. "Koma mwachedwa. Ife kuno timayamba pa nthawi yake."

Anthu anaphulika ndi kuseko, akale aja n'kuimba nthungululu, atsopano akufunsana kuti mkuluyu ndi ndani. Chimwemwe chimene ndinamva sindinachimvepo paguwa lililonse limene ndinaimapo. Ndinakhala pansi, misozi ikutsika, amayi anu n'kundipatsira kansalu osandiyang'ana. Wina kutsogolo anayamba pemphero lotsekera. Mvula inali ikugwabe padenga la holo, ndipo ndinaimvera ndili kumbuyo komweko mpaka anthu onse anati ameni.